Sola adachotsera msonkho, koma denga likuotchabe: kuyerekeza njira kwa womanga nyumba ku Chigwa cha Shire

Alamu anga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo akumanga nyumba kwawo, chakufupi ndi pa Ngabu. Tsiku lina mu Okutobala adandiimbira pa WhatsApp ndili chikhalire pansi pa mtengo wa nimu, poti m'nyumba simunkalowedwa. Malata ankachita kulira ndi dzuwa.

"Alamu," adatero, "kuno abwana anga ataika sola padenga, boma lidawabwezera ndalama. Tandifufuzirani. Kwathuko ndikaika sola, siling'i ndi mawindo abwino, MRA indibwezera zingati?"

Ndidawauza kuti palibe ndi tambala yomwe imene idzabwerere m'manja mwawo. Adakhala chete, kenako nkuti, "Ndiye kuti boma lathu silithandiza?" Limathandiza ndithu, koma thandizo lake limabisala mumtengo wa katundu, ndipo likuperekedwa pa zinthu zina, zina ayi. Munthu amene sakudziwa pomwe thandizolo lili amalipira ndalama yomwe sadayenere kulipira, ndipo amene akuganiza kuti lili paliponse amatsanulira chuma chake pa zipangizo nkuiwala nyumba yeniyeniyo. Kuno kwathu, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala ndipo madzi akasefukira amafika m'mawindo, kulakwitsa kotere kumapweteka zaka zambiri. Zomwe ndidawafotokozera alamu aja ndi zimene ndalemba pano.

Kubwezeredwa ndalama ndi kuchotseredwa msonkho pogula

Zomwe alamu adaona kumeneko nzoona. M'chaka cha 2023, magetsi atavuta kwambiri ku South Africa, boma lidalola kuti munthu wogula mapanelo atsopano a panyumba pake achotseredwe 25 peresenti ya mtengo wa mapanelowo pa msonkho wake, osapitirira R15,000. Mwayiwo udali wa chaka chimodzi, kuyambira 1 Malichi 2023 mpaka kumapeto kwa Febuluwale 2024, ndipo mabatire ndi inveta (chipangizo chosintha moto wa batire kukhala wonga wa ESCOM) sizinkawerengedwa. Ku America lamulo la mu 2022 linkachotsera eni nyumba 30 peresenti pa sola, komanso pa zinthu ngati mawindo, zitseko ndi zotchinga kutentha, mpaka lamulo lina la mu Julaye 2025 lidadzatseka mwayiwo kumapeto kwa chaka chomwecho. Ku Britain adatsata njira ina: kuyambira Epulo 2022 adachotsa VAT pa zipangizo zopulumutsa magetsi ndi gasi zoikidwa m'nyumba zogona anthu.

Njira ya ku South Africa ndi ku America ija imagwira kwa munthu amene amakhoma msonkho pa malipiro ake ndipo ali ndi ndalama zoyamba wagulira yekha, nkudikira miyezi kuti amubwezere. Tangoganizani mlimi wa thonje wa ku Therere, msodzi wa m'dambo la Elephant Marsh, kapena mayi wogulitsa mbuzi pamsika wa Bangula. Anthu otere salemba mafomu a msonkho chaka ndi chaka, ndiye angabwezeredwe kuchokera pati? Ine ndimaona kuti dziko lathu lidasankha bwino pochotsa msonkho pachipata ndi m'sitolo, chifukwa njira imeneyi imafikira aliyense wogula, kaya ali pantchito yolembedwa kaya ayi.

Mu bajeti ya 2019/20, yomwe adaipereka ku Nyumba ya Malamulo nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo a Joseph Mwanamvekha, boma lidachotsa VAT pa mapanelo a sola, mabatire a sola, mainveta, mababu osadya magetsi, gasi wophikira ndi masilinda ake, komanso mbaula zosunga nkhuni. Kwa zaka zambiri VAT idali pa 16.5 peresenti, kutanthauza kuti pa katundu wa K1,000,000 munthu amapulumutsa K165,000. Si ndalama yochepa. Kungoti mndandanda wa misonkho umaunikidwa bajeti iliyonse, choncho musanatulutse ndalama zambiri fikani ku ofesi ya MRA kapena aimbireni, mutchule chinthu chenicheni chomwe mukufuna kugula. Chimene sichidatchulidwe pamndandanda chimalipira ngati katundu wina aliyense, ngakhale mutachigulira ntchito ya sola.

Kugula sola ndi ndalama zanu zonse

Iyi ndi njira imene kuchotsedwa kwa msonkho kumaonekera kwambiri, ndiponso ndi imene anthu ambiri amapusitsidwirapo.

Vuto loyamba nlakuti wochotseredwa msonkho ndi amene walowetsa katunduyo m'dziko. Kuti phindulo lifike kwa inu, zimatengera chilungamo cha wogulitsa ndi kuchuluka kwa masitolo opikisana naye. Ku Limbe ndi ku Blantyre mukhoza kulowa masitolo asanu m'mawa umodzi nkuyerekeza mitengo. Pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Nsanje boma ogulitsa ndi ochepa, ndipo katundu akatsika phiri la Thabwa amakhala atakwera kale mtengo. Funsani lisiti la makina a MRA, ndipo muliwerenge musanachoke pakauntala. Ngati pa panelo kapena batire ya sola alembapo VAT, funsani chifukwa chake pomwepo.

Vuto lachiwiri ndi kwacha. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ija 16.5 idamezedwa yonse osatsala kanthu. Nchifukwa chake anthu ambiri akamva kuti sola ilibe msonkho amangoseka, poti mtengo omwe akuuona ukungokwerakwera. Komabe msonkhowo ukadakhalapo, bwenzi mtengowo uli pamwamba kuposa pamenepa.

Vuto lachitatu ndi lomwe lidandigwera ine, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi la kuno kwathu kwenikweni. Ndidagula panelo, batire yaikulu ndi inveta m'sitolo ina mtauni, osalandira lisiti, poti wogulitsa adati akandidulira lisiti mtengo ukwera. Kufika kunyumba, ndidaika batireyo pashelefu yapamwamba m'kachipinda kosungira katundu, poopa ana ndi madzi osefukira. Kachipindako kadali kumadzulo, kopanda siling'i, malata ali chapafupi. Chilimwe chachiwiri chisanathe, batire ija idatupa m'mbali ngati mkate. Madzulo nyali zinkangoyaka maola awiri, fani nkuima pakati pausiku, ana nkudzuka thukuta lili noninoni. Nditabwerera nayo kusitolo adandifunsa lisiti. Ndidabwerako nayo pamsana pa njinga momwe ndidapitira nayo.

Pambuyo pake mmisiri wina wa zamagetsi adandifotokozera kuti mabatire a asidi amapangidwira kutentha kwa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umatsika pafupifupi ndi theka. Ndiye ganizirani pansi pa malata a ku Ngabu masana a Novembala. Mabatire a lithiamu amapirira kuthiridwa ndi kutha moto kambirimbiri kuposa a asidi, koma ndi odula, ndipo nawonso sakonda ng'anjo. Batire iikidwe m'chipinda chodutsa mphepo, kutali ndi khoma la kumadzulo, pathandala lofika m'chiuno kuti madzi akalowa asaipeze. Mapanelo nawo amafooka akatentha: digiri iliyonse yopitirira 25 imadya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu yake, ndipo panelo yogonekedwa pamalata penipeni imatentha kuposa mpweya wapanja. Siyani mpata pansi pake woti mphepo izidutsa, iyang'ane kumpoto mopendekeka pang'ono, ndipo muziipukuta, chifukwa fumbi la kuno kuyambira Ogasiti limaikuta msanga.

Bungwe la MERA ndi lomwe limapereka ziphaso kwa ogulitsa ndi oika zipangizo za sola, ndipo la MBS limaona za ubwino wa katundu wolowa m'dziko. Kufunsa chiphaso si chipongwe. Kwa amene ali ndi abale ku Joni ndipo akufuna kuti atumiziridwe mapanelo kudzera pachipata cha Mwanza, kapena ogula ku Mozambique nkulowera pa Marka, chofunika ndi pepala logulira lolemba bwinobwino kuti katunduyo ndi chiyani. Batire yopanda chizindikiro choti ndi ya sola idzaonedwa ngati batire wamba.

Sola yolipira pang'onopang'ono

Kwa banja lomwe silingathe kutulutsa ndalama zonse nthawi imodzi pali makampani ogulitsa sola pangongole, monga Yellow, Zuwa Energy, VITALITE ndi Sun King. Mumapereka yoyambira, kenako muzilipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mukasiya kulipira kachipangizoko kamadzitseka. Apa thandizo la boma limabwera pawiri. Katunduyo ndi yemwe uja wochotseredwa msonkho, komanso pansi pa ntchito yofalitsa magetsi yomwe Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza mu 2019 padakhazikitsidwa thumba lotchedwa Ngwee Ngwee Ngwee, lomwe limapereka ngongole ndi thandizo kwa makampani a sola kuti afike kumidzi ndi mitengo yotsikirapo. Ku thumbali simupitako nokha kukafunsira. Mumangofunsa wogulitsa ngati chipangizo chomwe akukuonetsani chili pa mtengo wothandizidwa.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti chipangizocho chikawonongeka kampani imafuna ichikonze, chifukwa mukakhala mumdima nanunso simulipira. Kuipa kwake kulipo kuwiri. Mukaphatikiza zonse zomwe mudzalipire mpaka kumapeto, zimaposa mtengo wogula kamodzi, ndiye auzeni akulembereni chiwerengero chonsecho musanasaine. Chinanso, tizipangizo tambiri totere ndi ta nyali, wailesi, kutchaja foni, mwina ndi TV. Ngati chomwe chikukusowetsani tulo ndi kutentha, funsani zokhala ndi fani, ndipo mufunse kuti faniyo imazungulira maola angati batire itadzaza. Ganiziraninso za miyezi ya njala: kuno ndalama imaoneka thonje, chitowe ndi ziweto zikagulitsidwa, koma ngongoleyo imafuna kulipiridwa ndi mu Januwale momwe.

Kudikira ESCOM

Ngati mapolo adutsa kale pafupi, kulumikiza magetsi a ESCOM kumakhalabe kotchipa pa yuniti iliyonse kusiyana ndi sola ya mabatire, makamaka kwa wofuna filiji kapena chigayo. Ntchito ya MAREP yofikitsa magetsi m'misika ya kumidzi imayendetsedwa ndi ndalama zomwe zimadulidwa pa mafuta agalimoto ndi pa magetsi, kotero aliyense wokwera minibasi kapena kabaza wa njinga yamoto adasonkhapo kale. Kufunsa khansala ndi phungu kuti dera lanu lili pati pamndandanda ndi ufulu wanu.

Koma ife a ku Chikwawa tikudziwa bwino kuti waya pawokha sakwanira. Siteshoni ya Kapichira, yomwe ili m'boma lathu lomwe lino ndipo imapanga mamegawati pafupifupi 130, idaima namondwe wa Ana atagumula damu lake mu Januwale 2022, ndipo idadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Dziko lonse lidakhala mumdima maola ambiri tsiku lililonse. Nyumba yomwe imakhalika pokhapokha fani ikuzungulira imasanduka uvuni tsiku lomwe magetsi azima.

Kwa amene ali kale pa ESCOM, chinthu chobweza ndalama mwachangu kuposa china chilichonse ndi babu. Mababu asanu ndi limodzi akale a mawati 60, oyaka maola asanu patsiku, amadya mayunitsi 54 pamwezi. A LED a mawati 9 owala chimodzimodzi amadya mayunitsi 8 okha. Fani ya mawati 60 yozungulira maola khumi siimaliza ngakhale yuniti imodzi, pomwe eyakoni yaing'ono ya mawati 1,000 ikhoza kudya mpaka mayunitsi 10 pa nthawi yomweyo, makamaka m'chipinda chopanda siling'i momwe siipuma nkomwe.

Za kukhitchini ndingodutsapo mwachidule. Gasi adamuchotsera VAT, ndipo saotcha nyumba ngati moto wa makala, koma kodzadzitsira silinda nkutali kwa anthu ambiri a kuno, makamaka a kutsidya kwa Shire monga ku Makhanga ndi ku Muona. Chitetezo mbaula, ija youmba ndi dongo, ndi yotchipa, imasunga nkhuni, ndipo imalandira mapesi a mapira ndi nandolo. Kwa banja la kumudzi ndingasankhe imeneyi, khitchini nkuimanga payokha kunja kwa nyumba yogona monga ankachitira makolo.

Nyumba yeniyeniyo, kumene muli nokha

Apa ndi pomwe mtima wanga uli. Thandizo lonse lomwe ndatchulali lili pa zinthu zomangirira kunyumba itatha kale. Simenti, malata, penti ndi matabwa a siling'i zimagulidwa ndi VAT yake ngati katundu wamba. Chonsecho, m'chigwa muno, chimene chimalamula kuti mudzafuna mapanelo angati ndi batire yaikulu bwanji ndi denga ndi makoma. Nyumba yotentha imafuna mafani atatu usiku wonse. Nyumba yomangidwa mwanzeru imafuna imodzi, masiku ena osafuna nkomwe.

Tiyambe ndi zaulere. Momwe nyumba yayang'anira sizilipiritsa kanthu ngati mwaganiza musanakumbe maziko. Dzuwa lopweteka kwambiri ndi la kum'mawa ndi la kumadzulo, chifukwa limalowa chopingasa ndipo denga silingalitchinge. Choncho makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupi ndiwo ayang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa, ndipo khoma la kumadzulo likhale ndi mawindo ochepa, khonde lalikulu kapena mtengo patsogolo pake. Chipinda chogona chisakhale kumadzulo. Kumeneko ikani bafa kapena chimbudzi ngati zili m'nyumba. Amisiri ambiri amayang'anitsa nyumba kumsewu basi, ndipo mukapanda kulankhula adzatero. Mawindo akhale moyang'anizana kuti mphepo ilowe uku itulukire uko, ndipo muikemo sefa ya udzudzu kuti azigona otsegula. Tonse tikudziwa kuti mu Okutobala anthu amatulutsa mphasa kukagona pabwalo, ndipo malungo amawapezera komweko. Khonde lotambalala lokhala ndi tizitsulo tokolekera masikito ndi chipinda chogona chachiwiri.

Denga ndiye mwini nkhani. La udzu ndi lozizira kuposa onse, palibe wotsutsa, koma limafuna kufoleranso kawirikawiri, limaopa moto ndi chiswe, ndipo udzu wabwino ukusowa. Malata osapenta amawala akadali atsopano, koma akayamba kuda ndi dzimbiri amamwa dzuwa ngati chiwaya. Masiku ano anthu akukonda malata amitundu, akuda ngati makala, obiriwira kwambiri kapena ofiirira, chifukwa amaoneka apamwamba. Ku Zomba kapena ku Dedza palibe vuto. Kuno ndi kudziotcha wekha ndi ndalama zako. Sankhani oyera kapena otuwa, ndipo ngati malata alipo kale, penti yoyera ya padenga imasintha zinthu tsiku lomwelo. Mukafuna umboni, gwirani galimoto yoyera ndi yakuda zitaima padzuwa pa Dyeratu masana.

Pansi pa malata pakhale chotchinga. Pali pepala lonyezimira lija loyala pamitengo ya denga malata asanakhomedwe, lomwe limabweza kutentha, koma limagwira bwino pokhapokha pali mpata wa mpweya kumbali yake yonyezimirayo. Ndipo pali siling'i. Ya m'sitolo ndi yodula, koma chigwa chino chili ndi bango ndi milaza yambiri. Ndidalowapo m'nyumba ya mphunzitsi wina wopuma ntchito yemwe adakhoma mphasa za bango ngati siling'i, atazipaka mankhwala a chiswe, nkusiya timabowo totchingidwa ndi sefa kumtunda kwa makoma onse awiri a m'mbali kuti mpweya wotentha uzitulukira. Kunja kunkachita kuthetheka, koma pabalaza pake tidamwa thobwa osapukuta thukuta. Ndalama ya mphasazo idapita kwa oluka a m'mudzi momwemo, ndipo panalibe dola yomwe idatuluka m'dziko. Dengalo likwezeni ndithu. Mizere itatu kapena inayi yowonjezera ya njerwa imachotsa malata pamutu panu. Ndipo mulimange ndi waya kapena zitsulo zolowa m'khoma, chifukwa mphepo yoyamba ya dzinja ikasasula denga imapita ndi mapanelo omwe.

Pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo yomwe boma lidayambitsa mu 2014 idathandiza mabanja kuchoka m'nyumba zodontha, ndipo zimenezo nzoyamikika. Koma malata opanda chotchinga pansi pake amathetsa vuto la mvula nkubweretsa la kutentha. Thandizo lotere likamadzabweranso, m'maboma otentha ngati athu lidzabwere ndi siling'i yake.

Pa makoma pali njira zinayi, ndipo palibe yopanda banga. Zidina ndi zozizira komanso zotchipa, koma tidaziona zikusungunuka ngati shuga mu 2015, mu 2019, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi pa wa Freddy mu Malichi 2023. Njerwa zootcha zimapirira madzi zikamangidwa ndi simenti, koma uvuni uliwonse umadya mitengo, ndipo mitengo ikatha m'mapiri otizungulira ndi m'nkhalango ngati ya Matandwe, madzi amatsika ndi liwiro kudzatipeza ife tomwe. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga adaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndiye ngati mukumanga sitolo, sukulu kapena malo ogona alendo, dziwani kuti lamulolo likukukhudzani. Mabuloko a simenti a mphako amamangika msanga ndipo saopa madzi, koma khoma lake likawombedwa dzuwa masana onse limatulutsira kutenthako m'nyumba usiku, choncho limafuna mthunzi. Njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopsinjidwa ndi makina osaotcha, zili pakatikati: sizidya mitengo, sizidya simenti yambiri, ndipo zimazizira bwino. Chenjezo lake nlakuti dothi la makande, lakuda long'ambika lija lofala kuzungulira Ngabu, siliyenera njerwa zimenezi. Zimafuna dothi la mchenga pang'ono, ndiye yesani zochepa kaye, muziviike m'madzi, muone ngati zikulimba musanaumbe zikwizikwi.

Makande omwewo amatupa nthawi ya mvula nkuphwa nthawi ya chilimwe, ndipo amang'amba makoma ngati maziko ndi osaya. Madera ena nthaka ndi yamchere, ndipo mcherewo umakwera ndi chinyezi nkumadya pulasitala chapansi. Maziko akuya, okwezedwa kupitirira pomwe madzi adalekeza ulendo watha, ndi pulasitiki yotchinga chinyezi pamwamba pake, ndi ndalama yomwe simuyenera kuidula. Unduna woona za malo ndi nyumba uli ndi malangizo a kamangidwe ka nyumba zopirira ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo mukhoza kuwafunsa ku khonsolo ya Chikwawa kapena ya Nsanje.

Kwa a bizinesi nkhani imasiyanako pang'ono. Amene adalembetsa VAT amachotsera VAT yomwe alipira pogula zinthu za bizinesi pa imene atolera, ndipo zipangizo ngati sola ya pasitolo kapena pampu yothirira zimawerengedwa pochepetsa phindu lokhomerapo msonkho. Zonsezi zimatheka ngati malisiti alipo ndipo ali m'dzina la bizinesiyo. Mwini malo ogona alendo pa Nchalo kapena wosunga nsomba ndi nyama mufiliji pa Bangula akhale pansi ndi wodziwa za misonkho asanagule, osati atagula kale.

Zomwe tidagwirizana ndi alamu

Ndalama zomwe adasunga zinkakwana chimodzi mwa ziwiri: sola yaikulu yotha kuyendetsa eyakoni m'chipinda chimodzi, kapena denga labwino, siling'i, khonde ndi kasola kakang'ono. Mtima wawo udali pa yaikuluyo, poti ndi imene ilibe msonkho, ndipo ankaona ngati kusiya mwayi wotere nkutaya ndalama. Ndidawakumbutsa kuti batire idzafuna kugulidwanso pakapita zaka zingapo, pa mtengo wa dola wa nthawi imeneyo, pomwe khonde likamangidwa lamangidwa. Sola mukhoza kuwonjezera chaka chilichonse, panelo imodzi lero, ina thonje likagulitsidwa. Koma nyumba ikayang'ana kolakwika simungaitembenuze.

Ndidawauzanso zomwe ndikufuna kudzanena kwa phungu wathu ndi pa misonkhano yomwe Unduna wa Zachuma umachititsa bajeti isanalembedwe: kuti penti yoyera ya padenga, pepala lotchinga kutentha ndi zipangizo za siling'i ziikidwe pamndandanda umodzi ndi mapanelo. Yuniti yomwe nyumba sidaifune ndi yofanana ndi yomwe Kapichira wapanga, ndipo mwana wogona m'chipinda chozizira pansi pa masikito sapita kukagona pabwalo.

Alamu adavomera, ngakhale monyinyirika. Sabata yotsatira ndidapita pamalopo ndi mmisiri, zingwe za maziko zili zomangidwa kale kuyang'ana kumsewu. Tidazula zikhomo zonse nkuyambiranso, khoma lalifupi kulozetsa kolowera dzuwa. Mmisiriyo adadandaula kuti anthu odutsa aziona nyumba chammbali. Ndidaimba foni pomwepo kuti amve okha kwa mwini wake.

"Amisiri," adatero alamu, "chitani momwe akunenera alamu angawo. Ndipo khonde la kumadzulolo likhale mamita awiri. Mitengo ya nimu ija ili kumeneko musadule ngakhale umodzi."